Dothi Limene Ndinalawitsa Ana

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete ndazidumpha dala, chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo. Nditengako chinthu chimodzi chokha chimene chikufunika pa mutu uno. Amayi anga akafuna mtsiro wozirira nyumba sankakhulupirira maso. Ankatsina kadothi n'kuika pa lilime. Likamata lilime n'kusungunuka bwinobwino ankadzaza dengu, koma likakukutika m'mano ankalavula n'kupita patsogolo. Ine ndinatengera zimenezo, ndipo ndinalowa nazo ntchito yophunzitsa zojambula, imene ndinaigwira zaka makumi atatu ndi ziwiri muno m'Kabwe ndi m'mphepete mwake.

Chaka choyamba, ku Natuseko

Ananditumiza ku sukulu ina ya ku Natuseko ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, diresi imodzi yabwino, ndi mtima wodzidalira umene sunandichokebe mpaka lero. Ahedi anali a Lungu, bambo wofatsa amene ankayenda ndi makiyi ambiri kuposa zitseko za pasukulupo. Ananditsegulira kabati ya zojambula mwaulemu kwambiri. Munali zitini zitatu za penti youma gwa, maburashi asanu othothoka, ndi chisa cha mavu. Nditafunsa kuti zina zili kuti, anati zina zili m'njira, ndipo zinakhala m'njira zaka zisanu zonse zimene ndinakhala pamenepo.

Mphunzitsi amene ndinalowa m'malo mwake ankalemba maina a mitundu pa bolodi, ana n'kumakopera. Mwana ankadziwa kulemba kuti chofiira ukasakaniza ndi chachikasu chimatuluka chotere, koma dzanja lake linali lisanasakanizepo kanthu. Ine zimenezo zinandinyansa. Lachisanu la sabata yachiwiri ndinauza ana kuti abwere ndi zitini zotha ndi timakasu, tinatuluka pageti a Lungu akutiyang'ana pawindo, tinapita ku chulu chachikulu kuseri kwa bwalo la mpira, kenako ku dambo. Tinabwerako ndi katondo wofiira, dongo lotuwa, makande akuda ndi dothi lina lachikasu limene tinalipeza pamene anthu ankakumba chimbudzi.

Kachitidwe kake ndikulemberani, chifukwa ndimanyadira nako. Dothi timaliyanika masiku awiri, n'kulisinja mumtondo wakale, n'kulisefa ndi kansalu. Kenako timalivundula m'madzi n'kulisiya kuti mchenga ukhale pansi, timatsanula za pamwamba n'kuyanikanso. Ufa wotsalawo ndiwo utoto. Kuti ugwire timausakaniza ndi phala lamadzimadzi la chinangwa, kapena utomoni wa mthethe ukapezeka. Chakuda tinkachitenga ku makala ndi mwaye, choyera ku phulusa losefa. Maburashi tinkatafuna tokha kuchokera ku timitengo, ngati mswachi, ndipo nsonga yake tinkaisongola ndi milomo. Pojambulapo panali masaka a ufa okokedwa pa timatabwa. Ndipo dothi lililonse, lisanalowe mumtondo, linkayamba ladutsa pa lilime. Ndinkaimika ana pa mzere, aliyense atsine, alawe, andiuze ngati ndi labwino. Wolakwitsa ndinkamuseka kuti lilime lake limangodziwa switi, ndipo ana ankalimbirana kuti asasekedwe.

A Lungu sanandiletse. Anangondipempha kuti ana asamabwerere m'kalasi ya masamu ali ngati achokera kowumba njerwa. Chaka chimenecho makolo anayamba kubwera kudzaona zithunzi, ndipo mayi wina analira ataona nyumba yake yojambulidwa ndi dothi la pakhomo pake pomwe. Pamenepo m'pamene ndinadziikira lamulo limene ndinaligwira moyo wanga wonse wa ntchito: malo aliwonse ndidzawajambula ndi dothi la malo omwewo. Dambo ndi dothi la m'dambo, msika ndi fumbi la pamsika.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, ku Bwacha

Nditakwatiwa ndi atate anu, amene ankagwira ntchito ku njanji, ndinapempha kusamukira ku sukulu ya ku Bwacha kuti ndisamakwere maminibasi awiri. Kumeneko ndinapeza ahedi ena, a Chilufya. Anali munthu wokonda zikho ndi masatifiketi, ofesi yawo inali yodzaza mpaka pamwamba pa chitseko. Sindikuwanena zoipa. Sukulu ankaiyendetsa bwino, ndipo ndiwo anandipatsa chipinda changachanga, chimene kale chinali sitolo ya madesiki othyoka. Anaona msanga kuti dothi langa lingathe kuwabweretsera chikho china, ndipo ine ndinaona kuti iwo angathe kundibweretsera matabwa ndi misomali. Tinagwirizana bwino zaka zambiri.

Ndinayambitsa kagulu ka zojambula ka Lachitatu masana, ndipo ndinayambanso kujambula zanga zazikulu kunyumba. Ndinajambula madambo, zulu, minda ya m'mbali mwa njanji, mitengo imene inkatha chaka ndi chaka chifukwa cha makala. Sindinkajambula kuti zikongole chabe. Ndinkafuna kuti munthu wa m'Kabwe aone nthaka imene amapondapo tsiku lililonse osaiyang'ana. Alendo a ku Lusaka anayamba kufika, ena anagula, ndipo ine ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Koma munthu sungajambule Kabwe n'kusiya chimulu chachikulu cha zotayidwa za mgodi wakale. Chimaoneka uli kutali, ndipo mgodiwo ndiwo tauni ino inamangidwira. Mwa lamulo langa lija, chimulucho chinayenera kujambulidwa ndi dothi lake. Loweruka lina ndinapita kumeneko ndi thumba, ndipo ndinapeza mitundu imene ndinali ndisanaionepo: lotuwa mobiriwira ngati nthenga ya njiwa, lina lofiira moderako, lina lonyezimira pang'ono ukalitembenuza padzuwa. Ndinalawa pomwepo. Linali losalala kuposa dothi lonse limene ndinalawapo, lopanda ndi kamchenga komwe. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Musaganize kuti ndinali ndisanamvepo kuti fumbi la kumgodi ndi loipa. Ndinamva, monga aliyense. Koma ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya amuna olowa pansi ndi chifuwa chawo, osati ya kadothi kotsina ndi zala ziwiri. Tsoka silinunkha. Dothi limenelo ndinalibweretsa m'kagulu ka Lachitatu, ndipo ana analikonda kuposa lina lililonse. Anasinja, anasefa, analawa, anasongola maburashi ndi milomo yawo. Zinatero zaka zitatu.

M'kagulumo munalinso iwe Tiyanjane, mwana wanga woyamba, kuyambira uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Lilime lako linali lakuthwa kuposa la ana onse, unkatha kundiuza utatseka maso kuti ili ndi la ku dambo, ili ndi la kuchimulu. Ndinkakuonetsa kwa alendo. Koma m'kalasi zinthu zinayamba kukuvuta. Unkaiwala zimene waphunzira dzulo, unkadandaula mimba m'mawa, unkagona pa desiki. Ine, mphunzitsi wodziwika, kukhala ndi mwana wa kumchira kunandichititsa manyazi. Ndinati ndiwe waulesi, ndinati mimbayo ndi yothawira masamu, ndipo kangapo ndinakukwapula ndi kamtengo ka pichesi.

Chaka cha khumi ndi chinayi

Chaka chimenecho zabwino ziwiri zinabwera pamodzi. Zithunzi zanga khumi za chimulu, pamodzi ndi za ana, zinasankhidwa kukaonetsedwa ku Lusaka. Ndipo a Chilufya anandinong'oneza kuti dzina langa lili pamwamba pa mndandanda wa oti akwezedwe kukhala woyang'anira zojambula m'masukulu onse a m'boma lathu. Kalata inkayembekezeka temu yomweyo.

Loweruka lina masana ndinali pakhonde ndikusankha dothi, pamene anafika mnzanga wa ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi, a Tembo, amene anali namwino pa kiliniki ina ya m'tauni. Anabwera ndi nkhani ya yunifolomu ya kwaya. Anandiona ndikutsina m'chitini n'kuika pa lilime, anasiya nkhani yawo pakati.

"Amake Tiya, iyi dothi mwaitenga kuti?"

Ndinawauza monyadira, ndinawapatsanso chitini kuti aone mtundu wake. Sanachigwire. Anafunsa ngati ndimalawa ndekha. Ndinati ayi, ana onse a m'kagulu amalawa, ndiyo njira yathu yodziwira dothi labwino. Anakhala pansi pa sitepe, anavula magalasi.

"Imwe simuziba? Muja muli ledi. Ise ku kiliniki tikamba na bazimai daily kuti mwana asaseberere mu fumbi, asambe m'manja akalibe kudya. Manje imwe muwapatsa pa lilime?"

Anandifotokozera modekha kuti mtovu umenewo ukalowa m'thupi la mwana sutuluka msanga, umapweteka mimba, umafooketsa, ndipo umasokoneza kuphunzira. Akunena zimenezo, iwe Tiya unali pa mkeka pafupi ndi mpopi, utagona masana dzuwa lili phwee, buku la masamu lili pambali. A Tembo anakuyang'ana, ine ndinakuyang'ananso. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndinakwiyanso, ndipo poyamba mkwiyowo unali pa a Tembo, ngati kuti ndiwo anathira mtovu m'chitinimo. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Asananyamuke anandiuza kuti ana onse amene analawa ayenera kuyezedwa magazi, ndipo kuti mwana sayezedwa popanda kholo lake.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya a Chilufya ndisanapite ku asembule. Ndinawauza zonse, ndinati ndikufuna msonkhano wa makolo. Anatseka chitseko. Sanakalipe, ndipo zimene ananena zinali ndi nzeru yake. Anati tauni yonse ili ndi fumbi lomwelo, ana amaseweramo kuyambira akukwawa, palibe amene angaloze chala kuti mwana uyu anadwalira m'chipinda changa. Anati nditaye zitinizo mwakachetechete, ndisiye zolawa, basi, madzi akatayika saoleka. Anandikumbutsa za Lusaka ndi za kalata ija.

"Madamu, mufuna kuzibweretsera mavuto mweka. Mukakamba pa mitingi, pulomoshoni yaenda, na dzina ya sukulu yaenda. Ni ndani wamene azaziba mukankhala chabe zii?"

Ndinawayankha kuti ndidzadziwa ine. Ndinati madzi otayikawo ndi zoona saoleka, koma awa sanatayikire pansi, ali m'magazi a ana a eni, ndipo eni akewo sakudziwa. Anandipatsa masiku atatu kuti ndiganize bwino.

Sindinama kuti masiku atatuwo ndinali wolimba nthawi zonse. Kukwezedwa ndinkakufuna, ndinakugwirira ntchito zaka khumi ndi zinayi ndi zitini zotola. Ndinaganiza zoti ndingotenga Tiya yekha n'kupita naye ku kiliniki, za ena Mulungu aone. Atate anu, amene sankalankhula zambiri, ndiwo anandifunsa kuti akanakhala mphunzitsi wina amene analawitsa Tiya, n'kupita ndi mwana wake yekha ku kiliniki, ine ndikanamutani. Yankho ndinkalidziwa, chifukwa mkwiyo wanga ndimaudziwa. Lachinayi ndinatenga rejisitala ya kagulu, ndinalemba maina onse a zaka zitatuzo, ana makumi atatu ndi mmodzi, ndinauza a Chilufya kuti akakana msonkhano ndiyenda ndekha khomo ndi khomo. Anavomera msonkhano, koma anati iwo akhala kumbuyo.

Makolo anabwera Lachisanu masana, anakhala pa madesiki a ana awo m'chipinda changa chomwecho, zithunzi za chimulu zili pakhoma. Ndinaika zitini patebulo. Sindinayambe ndi mgodi kapena boma kapena fumbi la tauni, ngakhale zonsezo zili ndi mlandu wake. Ndinati dothi ili ndinakatenga ndine, ndinaliika pa malilime a ana anu ndine, ndinkaseka amene ankakana, ndipo sindinadziwe pamene ndinayenera kufunsa. Ndinawapepesa onse. A Tembo anafotokoza za kuyeza ndi zimene makolo angachite kunyumba.

Amene anaimirira anali a Mwape, bambo wowotcherera zitsulo pa msika, atate a kamtsikana kotchedwa Chanda.

"Ba Madamu, ine mwana wanga namutuma kuno kuti aphunzire. Ku nyumba timumenya akadya dothi. Manje imwe ba ticha ndimwe mumuuza ati idya?"

Ndinati inde, ndine. Analankhula nthawi yaitali, ananditchula maina amene sindilemba pano, ndipo ndinaima n'kumvetsera onse, chifukwa anali ndi ufulu. Ena anatuluka osandiyang'ana. Mayi wina anafunsa chabe tsiku ndi nthawi ya ku kiliniki. Ndinawauza kuti Lolemba m'mawa ndidzakhala ndili pageti la kiliniki ndi mndandanda, ndipo woyamba pa mzere adzakhala mwana wanga.

Anabwera makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Asanu otsalawo ndinawalondola m'makomo sabata yonse, mmodzi mpaka ku Natuseko kumene banja lake linasamukira. Zotsatira zitabwera, ana ambiri anapezeka nawo mtovu, monga ana ambiri a m'tauni muno, koma anayi anali nawo wochuluka moti anayenera kuyamba mankhwala. Chanda anali mmodzi. Tiya anali pamwamba pa onse. Ndinafunsa a Tembo kuti wochuluka bwanji unachokera m'chipinda changa, ndipo wochuluka bwanji pabwalo ndi mumsewu. Anati zimenezo palibe angazilekanitse. A Chilufya akanasangalala ndi yankho limenelo, koma ine silinandipepuze.

Zithunzi sizinapite ku Lusaka. Ndinazichotsa ndekha, chifukwa fumbi lake linkayoyoka, ndipo ndinazipereka pamodzi ndi zitini kwa a zaumoyo kuti azitaye m'njira yawo. Kalata ya kukwezedwa inapita kwa mphunzitsi wina. Ine ndinalandira kalata ina, yondisamutsa.

Chaka cha khumi ndi chisanu mpaka kupuma, cha ku Mulungushi

Ananditumiza ku sukulu yaing'ono cha ku Mulungushi, kumene minibasi inkandisiya pamsewu n'kuyenda wapansi theka la ola. Amene ananditumiza ankaganiza kuti ndi chilango, ndipo chaka choyamba chinalidi chilango. Koma dothi sindinalisiye, ndipo musamve wina akunena kuti ndinalisiya. Ndinaphunzira kuliyesa ndi zala zonyowa ndiponso ndi botolo la madzi, mmene mchenga umakhala pansi msanga ndipo dongo labwino limachedwa. Tinkasinja lonyowa kuti fumbi lisauluke, maburashi tinkaphwanya ndi mwala, ndipo pakhomo pa kalasi panali ndowa ndi sopo. Dothi lachilendo ndinkayamba ndafunsa kumene lachokera ndi zimene zinachitikapo pamalopo. Zithunzi zanga zabwino koposa ndinazijambula kumeneko, za mitsinje ndi minda ndi zitsa za mitengo, ndipo ana amene ndinawaphunzitsa ena lero akudya ndi manja awo. Aphunzitsi atsopano akabwera kudzaona kachitidwe kanga, ndinkayamba ndi nkhani ya ku Bwacha, ndisanawaonetse mtondo.

A Mwape sanandipatse moni zaka zisanu ndi chimodzi. Tinkakumana pa msika, iwo n'kuyang'ana kumbali. Tsiku lina ndinapita ndi mbaula yothyoka mwendo, poti wowotcherera wabwino ku Bwacha anali iwo okha, ndipo anaikonza osalankhula. Pondipatsa anangoti Chanda wakhoza mayeso a giredi naini. Kuyambira pamenepo timapatsana moni, ngakhale sitinakhale pansi kukambirana za tsiku lija.

Iwe Tiya unamwa mankhwala, mimba inasiya, tulo ta masana tinatha. Masamu sanabwerere bwino. Unabwereza kalasi imodzi, unamaliza movutika, ndipo lero uli ndi shopu yako yosoka imene imadyetsa ana ako ndi kulipira antchito awiri. Anthu akandiuza kuti mwana wanu ali ndi diso la mitundu, ndimavomera ndi mtima wonse. Zimene ukanakhala popanda chitini chija sindizidziwa, ndipo funso limenelo limandipweteka mpaka lero.

Mwezi wathawu, ndisanayambe mutu uno, ndinapita ku shopu kwako kukapempha chilolezo, chifukwa nkhaniyi ndi yako kuposa mmene ilili yanga. Ndinati ndikufuna kulemba za dothi la kuchimulu, za msonkhano, za ku kiliniki. Unali ndi mapini pakamwa, ukupinda chitenge cha kasitomala. Unawachotsa mmodzimmodzi, n'kuwabaya pa kapilo.

"Lembani, amama. Za dothi sininakukwiyileni, simunazibe. Koma mulembe na ija yakuti munali kuniitana waulesi. Pa mitingi munapepesa makolo yonse. Ine simunanipepesepo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikutsutse, poti kutsutsa ndiko ndimadziwa. Ndinafufuza zaka zonsezo m'mutu mwanga, kuyambira pa mzere wa ku kiliniki mpaka pa ukwati wako, ndipo tsiku limenelo sindinalipeze. Ndinakugulira mankhwala, ndinakuphikira, ndinakupezera aphunzitsi apadera, ndinauza aphunzitsi a m'boma lonse za kulakwa kwanga, koma kwa iwe sindinanenepo. Pa shopu paja kasitomala analowa, ndipo ndinabwerera kunyumba ndisananenebe.

Tsono ndikulemba pano, pamene abale ako ndi ana ako adzawerenga. Tiyanjane mwana wanga, sunali waulesi. Unkadwala, ndipo ine amene ndinakudwalitsa ndinkakukwapulanso. Ndinalakwa, undikhululukire. Mawa ndibwera ku shopu kudzanena ndi pakamwa.